Zimene Beto Akanene kwa Jaji

"Tayambiranso," anatero Odilia, simbi ili m'manja. "Jaji akakakufunsa kuti ukufuna kukhala ndi ndani, ukayankha kuti chiyani?"

Beto anali patebulo m'khichini mwa amayi awo, akuviika buledi m'khofi. Anayamba waganiza, lilime lili pakona ya mlomo, monga amachitira ndi funso lililonse.

"Connie ali ndi galu."

"Sindinafunse za galu."

"Dzina lake ndi Cooper."

Odilia anaimika simbi mwamphamvu mpaka inapuma nthunzi. Mlongo wakeyu anali ndi zaka makumi anayi ndi zinayi, imvi zitayamba kale m'mbali mwa makutu, koma anabadwa ndi nzeru zoyenda pang'onopang'ono. Lamulo limafuna kuti munthu wotere akhale ndi womuyang'anira wolembedwa kukhothi. Zaka zonsezi dzina lolembedwalo linali la amayi awo, Alzira Raposo. Amayiwo anagwa pakhomo la tchalitchi Lamulungu lina, chikwama chili pamkono, osadzukanso. Maluwa a pamanda asanaume n'komwe, mapepala awiri anali atafika kukhothi la zamasiye ndi mabanja ku New Bedford, lina la Odilia, lina la mng'ono wake Connie. Jaji anawaitana Lachinayi la sabata yotsatira.

"Tamvera, Beto. Ukanene kuti, ndikufuna kukhala m'nyumba ya amayi ndi Odilia. Basi. Tanena."

"M'nyumba ya amayi ndi Odilia."

"Amakuchapira ndani?"

"Makina."

"Amaika zovala m'makinamo ndani?"

"Iwe."

"Anagona pampando kuchipatala ndani, nthawi ija anakuchotsa ndulu?"

"Iwe. Unandikalipira."

"Unazula paipi pamkono. Ndikanakuombera m'manja?"

Nyumbayo ndi ya nsanjika zitatu. Amayi ndi Beto ankakhala pansi, Odilia ndi mwamuna wake Armindo pakati, pamwamba pali alendi. Odilia anasiya sukulu ali mtsikana n'kukalowa kufakitale yodula nsomba kudoko, ndipo mpaka pano ali komweko. Analera ana ake atatu ndi mpeni umenewo. Connie ndiye anapita kukoleji. Pakhoma la pabalaza amayi anapachika Connie atavala chisoti cha maphunziro, Connie tsiku la ukwati wake ndi dokotala wa mano, Connie ndi ana ake pagombe. Odilia akuoneka pachithunzi chimodzi chokha, cha pa chikondwerero cha Mzimu Woyera, ndipo ndi theka la nkhope, atanyamula poto wa supu kumbuyo kwa anthu.

Panja panalira chitseko cha galimoto. Beto anadzambatuka mpaka khofi anatayikira. Odilia amatsika masitepe amenewo tsiku ndi tsiku ndipo sanamuonepo akudzuka pampando chifukwa cha iye. Anatenga kansalu n'kupukuta tebulo.

Connie analowa atavala chikhoto chotuwa, kununkhira sopo wa kusitolo yodula. Dzina lake laubatizo ndi Conceição, koma analisiya kukoleji pamodzi ndi fungo la nsomba. Anabwera kudzatenga Beto kuti akachezeko kwawo kufupi ndi Boston.

"Connie, ndaphunzira," anatero Beto atamukumbatira. "Ndikufuna kukhala m'nyumba ya amayi ndi Odilia. Odilia wati ndikakanena bwino adzandigulira mandasi a shuga."

Connie anamusisita pamsana, maso ali pa mkulu wake.

"Kanyamule chikwama chako, Beto. Usaiwale mswachi."

Anadikira mpaka chitseko cha kuchipinda chitatsekeka.

"Mandasi, Odilia? Loya wa Beto uja anatiuza chiyani tonse awiri? Musamuphunzitse zonena. Jaji akamufunsa kawiri, ayankha zonse, ndi mandasi omwe."

"Iwe sukumuphunzitsa? Galu uja wamugula liti?"

"Cooper ndi wa ana anga."

"Ana ako anakula opanda galu. Amayi amwalira, galu wabwera."

Connie anavula chikhoto n'kuchikoleka pampando wa amayi, mpando umene palibe anali atakhalapo chichitikire maliro. Analankhula mofatsa, kufatsa kumene Odilia amadana nako kuyambira ali ana. Anati kwawo kuli chipinda chapansi chokhala ndi bafa lakelake. Kuli malo amene anthu ngati Beto amapita masana, amajambula, amasambira, amapeza anzawo. Kuno amangokhala pawindo. Odilia amachoka kusanache, Armindo msana unatha kale pabwato.

"Iwe umadziwa Beto wa Lamulungu," anatero Odilia. "Wosamba kale, wometa kale, wovala malaya osita. Wa Lachiwiri sunamuonepo."

"Sindikukana kuti wagwira ntchito. N'chifukwa chake ndikunena. Ngakhale amayi ankati watopa."

Odilia anasiya kupinda malaya.

"Anakuuza liti zimenezo?"

"Pafoni. Tinkalankhula madzulo aliwonse."

Madzulo aliwonse. Odilia ankakhala pamwamba pa mutu wawo, moti akagwetsa supuni amayi ankamva. Koma zokamba zawo zinali zinyalala, mapiritsi, ndi kuti supu wachepa mchere. Kutchalitchi amayi ankati "Connie wanga" mpaka azimayi anatopa nalo dzinalo. Koma Odilia, amayiwo ankangomutchula kuti "wapamwambayu."

"Ubwere naye Lamulungu," anatero Odilia.

"Lachitatu. Ndapempha tchuthi."

Beto anatuluka ndi chikwama, chipewa chili chopendekeka. Anatsanzika ali kale pakhomo, osatembenuka.

Lolemba Odilia anabwerera kuntchito koyamba chichokereni kumanda. Wodula nsomba amavala magolovesi awiri, ansalu mkati, a labala kunja. Ansaluwo pofika madzulo amakhala anyowa ndipo amanunkha, moti Armindo anawaletsa kalekale kulowa m'nyumba. Odilia amawachapa n'kuwayanika pachogwirira cha masitepe, pansi penipeni, pafupi ndi khomo la amayi, pomwe pali chitsulo chotenthetsera khonde. Zaka zonsezi akamatsika m'mamawa ndi majombo ake, ankawapeza ouma ndi ofunda, n'kuwavala pomwepo osaganiza kanthu.

Tsiku limenelo, atawachapa dzulo lake madzulo, anawapeza ozizira ngati nsomba, nsonga za zala zidakali zonyowa. Anagwira chitsulo chija, nacho chinali zii. Anachiponda ndi jombo, n'kukweranso masitepe.

"Armindo, chitsulo cha pakhonde chafa."

Armindo sanatulutse ngakhale mutu m'bulangeti.

"Chinafa bambo ako ali moyo. Ndinatseka ndine paipi yake, chinkadontha."

"Usandiuze zopusa. Magolovesi anga amauma pomwepo."

"Ndiye amawaumitsa Mzimu Woyera. Zimitsa getsi."

Analibe nthawi yokangana ndi munthu wogona. Anavala onyowawo n'kupita. Pofika nthawi yopuma zala zinali zitang'ambika m'mfundo, mchere ukulowa m'zilonda. Anakhala pabenchi m'chipinda chosinthira zovala n'kutulutsa foni. Connie anali atatumiza zithunzi. Beto wagona pakapeti, galu wamutsamira pamimba. Beto ali m'dziwe losambira, pakamwa pali yasa ndi kuseka. Beto ali m'sitolo, wavala tayi wabuluu.

Odilia anachikulitsa chithunzi cha dziwe ndi zala zake zotupazo. Anafufuza pankhopepo kuti mwina aona mantha, kapena kutopa, kapena chilichonse choti akauze jaji. Munthuyo anali wosangalala basi. Anazimitsa foni n'kubwerera kumpeni nthawi yopuma isanathe.

Lachiwiri magolovesi anali onyowa. Lachitatu chimodzimodzi.

Beto anafika Lachitatu madzulo, tayi ali m'kabokosi. Sanalole kuti aliyense akagwire.

"Amayi sanathe mwezi m'manda, iwe ukavale buluu?" anatero Odilia. "Ndakusitira wakuda wa bambo."

"Connie wati buluu amandikhala."

"Connie anabwera kumaliro atavala zotuwa."

"Cooper amagona pamiyendo panga. Amadya tchizi."

Anadya chakudya chonse cha madzulo akukamba za galu. Odilia anamudulira nyama, anamupatsa mapiritsi, anamuyang'ana m'makutu. Sanamufunsenso funso lija. Ankaopa yankho lake.

Beto atapita kukaonera wailesi yakanema, Armindo anakhala kumutu kwa tebulo n'kutenga chipande cha supu. Chichitikire maliro, Beto akakhalapo, ndiye ankagona pasofa pansipo, chifukwa Beto anakana kukwera pamwamba.

"Imirira," anatero. "Loya wati uyeserere. Ine ndine jaji." Anagogoda tebulo ndi chipande. "Mayi Odilia Medeiros, tauzani khothi lino chifukwa chimene mlongo wanu ayenera kukhala ndi inu."

"Jaji savala vesiti yobooka."

"Yankhani funso, mayi."

Odilia anaimirira, manja ali m'thumba la epuloni.

"Mng'ono wangayo sanasinthepo nsalu za pabedi m'nyumba muno. Amayi atathyoka chiuno iye anangotumiza maluwa. Amabwera pa Khirisimasi ndi keke yogula, amayi n'kumayenda nayo nyumba ndi nyumba kuonetsa anthu. Ine ndinaphika buledi wotsekemera Isitala iliyonse, ankangoti wapsa pansi. Iye anapita kusukulu ndi ndalama za..."

Armindo anagogodanso.

"Ndafunsa za Beto. Mwayankha za Connie."

"Ndi nkhani imodzi."

"Si imodzi ayi." Anaika chipande pansi, mawu a ujaji n'kuwasiya. "Odilia, mawa ukakayamba choncho, jaji akaona mkazi wolusa basi. Tandiuza ine. Ukufuna Beto, kapena ukufuna kuti Connie aluze kamodzi m'moyo wake?"

Odilia anamugenda ndi kansalu kopukutira mbale, kanamugwera paphewa. Armindo anangokachotsa n'kukapinda.

"Zonse ziwiri," anatero Odilia. "Pali mlandu?"

"Kwa ine palibe. Koma kwa jaji ukanene choyambacho."

Odilia anatsuka mbale. Anachapa magolovesi monga mwa masiku onse n'kukawayanika pachogwirira, ngakhale mawa lake sankapita kuntchito. Manja amachita zimene anazolowera. Pakhomo la chipinda cha amayi anaima pang'ono. Sikafu yawo yakuda inali ikadali pamsomali, korona ali pamwamba pa kabati pafupi ndi foni. Anayang'ana foniyo nthawi yaitali, kenako anakwera kukagona.

Lachinayi anadzuka kutayera kale, zimene samachita. Anavala diresi la pamaliro ndi nsapato zake zofewa za kutchalitchi. Atatsika anapeza Beto atavala kale, jekete atamanga mabatani onse, tayi wabuluu ali wokhota. Anakana kuti amukonze. Anakananso khofi. M'galimoto, Armindo akuyendetsa, Beto anakhala manja atapingasa pamimba, ndipo Odilia anaganiza kuti ndi mantha.

Kukhothi anawauza kuti adikire pakhonde. Panali mabenchi amatabwa ndi anthu ambiri osayang'anana, mwamuna uku mkazi uko, maloya akunong'ona pakati. Loya wa Beto, mayi wamfupi wa magalasi, anawapatsa moni n'kuwakumbutsa kuti m'katimo azikalankhula ndi jaji, osati wina ndi mnzake. Kenako anapita kukaonana ndi kalaliki.

Connie anafika ndi chikhoto chake chotuwa chija. Maso anali ofiira, koma Odilia anati mumtima ndi mphepo ya panja. Beto sanadzuke ulendo uno. Anangomwetulira, manja ali pamimba pomwepo.

"Taona tayi wako," anatero Connie, akugwada patsogolo pake. "Wamanga ndani chonchi? Tabwera." Anamasula batani la jekete, n'kuima. "Beto, chili m'malayamu n'chiyani?"

"Palibe."

"Pali chotupa apa. Odilia, sunamuone munthuyu m'mawa?"

"Ndinamuona. Wakana kuti ndimugwire."

"Ukuona zimene ndimanena? Mwina ndi bala la opaleshoni lija."

Odilia anamukankha pambali mng'ono wakeyo ndi chigongono.

"Tulutsa, Beto. Sindikufunsa kawiri."

Beto anayang'ana kumanzere ndi kumanja. Anamasula mabatani awiri a malaya, n'kulowetsa dzanja pansi pa vesiti. Anatulutsa magolovesi ansalu, otuwa ndi ukalamba, chala chimodzi chosokedwa ndi ulusi wakuda.

"Sindinamve majombo," anatero. "Ndadikira, ndadikira. Sunatsike ndi majombo."

"Ukutani ndi magolovesi anga?"

"Amayi anati ndisanene."

"Amayi kulibe. Nena."

Anaganiza kaye, lilime lili pakona ya mlomo.

"Wotchi ikalira, ndimakatenga. Amayi amaumitsa pachitseko cha uvuni. Kenako amaika apa." Anadzigwira pachifuwa. "Akamva majombo pamwamba amati, thamanga, thamanga. Ndimabwezera. Ndimatseka chitseko osapanga phokoso. Chiuno chitathyoka anati ntchitoyo ndi yanga tsopano. Koma uvuni sindigwira ndekha. Ndagona nawo."

Odilia anakhala pabenchi.

"Kuyambira liti?"

"Kalekale. Tsitsi langa lisanayere."

"Bwanji osandiuza?"

"Anati ukadziwa ukana. Anati ndiwe wamakani ngati bulu wa agogo."

Armindo anatsokomola n'kuyang'ana kudenga. Connie anali adakali chigwadire pansi, tayi wabuluu ali m'manja.

"Za ine ankati chiyani, Beto?" anafunsa, mawu ali otsika.

"Ankati manja a Connie ndi ofunda kale."

Connie anaseka pang'ono, kuseka kopanda mawu. Anadzuka n'kusasa fumbi pamaondo.

"Madzulo aliwonse pafoni," anatero, osayang'ana mkulu wake. "Ukudziwa zimene tinkakamba? Iwe. Wapamwambayu watsokomola usiku wonse. Wapamwambayu sanadye. Wapamwambayu zala zang'ambikanso. Ine ndikati amayi, andikweza pantchito, ankati chabwino mwana wanga, n'kubwereranso kwa wapamwambayu. Ine ndinali wa pakhoma. Woonetsa alendo."

Odilia anafuna kuyankha kuti kukhala pakhoma si kuvutika, kuti iye akanakonda kuyesako ngakhale chaka chimodzi. Mawuwo anafika pakamwa. Anawameza.

Anatembenukira kwa mlongo wake.

"Beto, zija ndinakuphunzitsa ziiwale. Jaji akakufunsa, ukanene zimene ukufuna iweyo. Mandasi ndikugulira ngakhale utanena Connie."

"Ndikufuna Cooper."

"Chabwino." Mawu anamutuluka ouma. "Ukanene choncho."

"Loweruka," anatero Beto. "Loweruka ndi Lamulungu. Lolemba ndili pantchito." Anamuyang'ana ngati munthu amene akufunsa zodziwikiratu. "Wavala onyowa sabata ino?"

Odilia anayang'ana manja ake. Beto anamugwira dzanja n'kulitembenuza, anaona ming'alu ya m'mfundo, n'kupukusa mutu.

Chitseko cha khothi chinatseguka, kalaliki anatchula dzina la Raposo. Loya wa magalasi uja anabwera mofulumira akukodola. Connie anaweramanso, anamumanga Beto mabatani, anamukonzera tayi mpaka anakhala bwino pakati. Anatenga nthawi yaitali kuposa imene tayi amafuna.

"Loweruka ndi Lamulungu," anatero. "Ndipo masana azipita kosambira. Kuno nakonso malo otero alipo, ndinafufuza. Zimenezo sindisiya, Odilia."

"Uzimubweza Lamulungu dzuwa lisanalowe. Osati Lachitatu."

"Ndikauza jaji ndekha."

"Ndiponso tchizi amamutsekula m'mimba. Galu azidya yekha."

Anayamba kulowera kuchitseko, koma Beto anatsalira. Magolovesi anali adakali m'manja mwake ndipo anali atayamba kuzizira. Anatsegula limodzi n'kupumiramo mpweya, kenako linzake. Anawamenya kawiri pabondo, akung'ung'udza ndi mawu okalamba, a m'mphuno, amene onse atatu anawazindikira.

"Mkazi ameneyu adzaduka zala tsiku lina."

Anawayanika pachotsamira cha benchi, zala zikulozera pansi, n'kuwasalaza ndi chikhato. Ndiye anatembenuka msanga n'kuyang'ana kukhoma, manja kumbuyo, ngati munthu amene sanachite kanthu.

Odilia anawatenga. Anali ofunda. Anawavala pomwepo, pamwamba pa diresi lake la maliro, n'kulowa nawo kwa jaji.